Kukonza nyumba ya lendi ku New Zealand: yambani ndi madzi, hita ibwere pomaliza

Ngati muli ndi nyumba yochititsa lendi ku New Zealand, kapena mukuganiza zogula ina kuti muikemo anthu, dziwani kuti nthawi yodikira inatha pa 1 July 2025. Kuchokera tsiku limenelo nyumba iliyonse ya lendi iyenera kukhala itafika pa malamulo a Healthy Homes Standards, ndipo wolowa lendi watsopano salandira makiyi nyumba isanakonzedwe. Masiku 90 amene poyamba ankaperekedwa kwa landilodi kuti akonze nyumba lendi yatsopano itayamba, amene kenako anafika 120, kulibenso. Malamulowa anakhazikitsidwa mu 2019 ndipo akukhudza zinthu zisanu: kutenthetsa pabalaza, insulation (zoyala m'denga ndi pansi zoletsa kutentha kuthawa), kutulutsa nthunzi, madzi ndi chinyontho, komanso kutseka mipata yolowetsa mphepo. Ndikulemba ngati landilodi amene wagwira ntchito imeneyi m'nyumba zakale zamatabwa, zomwe zili zambiri m'dziko muno. Chachikulu chimene ndikufuna mutolepo ndi ndondomeko ya ntchito. Ambiri timathamangira kuitana woika heat pump (makina amagetsi ofunditsa ndi kuziziritsa chipinda) chifukwa ndi chinthu chooneka ndi maso, chonsecho imeneyo iyenera kubwera pomaliza.

Chifukwa chake n'chakuti kukula kwa hita imene lamulo likufuna kumawerengedwa potengera mmene chipinda chilili: kukula kwake, mawindo ake, ndi insulation imene ili m'denga ndi pansi. Mukawerengera nyumba isanakonzedwe, mugula chimakina chachikulu kuposa chofunika. Mukangoganizira pamtima osawerengera, mugula chaching'ono ndipo mudzagulanso. Komanso nyumba yachinyontho imavuta kufunditsa. Mutha kuika heat pump yodula, alendi n'kumalipira magetsi ambiri, koma chuku chakuda n'kumamerabe kuseri kwa wodilopu chifukwa madzi akukwera kuchokera pansi tsiku lililonse.

Ndiye yambani ndi madzi. Pitani ku nyumbayo mvula ikugwa, osati kunja kukuwala, muzungulire pang'onopang'ono. Yang'anani ngalande za m'mphepete mwa denga: kodi madzi akusefukira m'mbali, kodi pali malo amene ngalande yawerama n'kumasunga madzi, kodi polumikiza pakudontha? Kenako tsatirani paipi iliyonse yotsitsa madzi mpaka pomwe ikuthera. Lamulo likufuna kuti madzi a padenga, a pamtunda ndi a m'nthaka azichoka n'kukathera pamalo oyenera. Paipi imene imangothira madzi m'mphepete mwa maziko ndi cholakwa chimene chimapezeka kawirikawiri, ndipo madzi amenewo amalowera pansi pa nyumba. Ngati paipi ikulowa m'nthaka, musakhulupirire kuti ikupita kwina. Lowetsanimo madzi a m'paipi yothirira kwa mphindi khumi. Akabwerera m'mwamba, ndiye kuti m'kati mwadzaza mizu kapena dothi, kapena dzenje lomwetsa madzi linatsekeka kalekale. Imeneyo ndi ntchito ya woika mapaipi a m'nthaka amene ali ndi chiphaso. Onaninso dothi la m'maluwa limene launjikana mpaka kukhudza matabwa a khoma kapena kutseka timabowo topumira pansi pa nyumba. Kulichotsa ndi fosholo kokha kumachotsa chinyontho chambiri popanda kuwononga ndalama.

Tsopano valani ovolosi, magolovesi ndi chophimba mphuno, mutenge tochi, mukwawire pansi pa nyumba. Kumeneko ndi kumene eni nyumba ambiri sanafikeko, ndipo ndi kumene nkhani yonse yagona. Dothi likhoza kuoneka louma m'maso koma likutulutsa chinyezi usana ndi usiku. Pansi pa nyumba ya masikweya mita 100 pamatha kukwera madzi okwana malita 40 pa tsiku. Ngati mphepo ikudutsa momasuka, ambiri amauluka. Ngati m'mbali ndi motchinga, amalowera m'matabwa a pansi, m'kapeti, m'zovala ndi m'zifuwa za ana. N'chifukwa chake lamulo likuti ngati pansi pa nyumba ndi potsekeka, payalidwe chotchinga chinyezi. Amati ndi potsekeka ngati theka la kuzungulira kwa nyumba, kapena kuposa, lili ndi chotchinga mpweya: khoma la konkire kapena njerwa, matabwa othinana, dothi, kapena mbali ina ya nyumba. Musanyengedwe ndi timabowo topumira ta m'khoma la konkire. Tikhalepo kapena ayi, khomalo likuwerengedwabe ngati chotchinga.

Chotchinga chake ndi pepala la pulasitiki lakuda lokhuthala mamilimita 0.25, limene m'masitolo amalilemba kuti 250 micron. Lopyapyala kuposa apo limang'ambika munthu woyamba akangokwawapo. Kayalidwe kake kali mu muyezo wa NZS 4246:2016, ndipo lamulo likuvomerezanso chotchinga china ngati mphamvu yake yoletsa chinyezi kudutsa ikufika pa 50 MNs/g ndipo chaikidwa ndi katswiri. Musanayale, chotsani zinyalala zonse, zidutswa za matabwa, miyala yosongoka ndi magalasi. Pepala lililonse likwere pa linzake mamilimita 150 ndipo mumate ndi tepi yoyenera pulasitiki. Pa nsanamira iliyonse chekani pepala, mulikweze pang'ono, mumate mozungulira. M'mbali likweze pang'ono pakhoma koma lisatseke timabowo topumira, kenako mulitsindike ndi njerwa kapena zikhomo kuti mphepo isalitukule. Chimene chimalakwika kwambiri ndi kuyala pulasitiki pamalo amene pali madzi oima kapena paipi ya kubafa ikudontha. Madziwo amasonkhana pamwamba pa pepala n'kukhala thamanda losaphwa, zinthu n'kuipa kuposa poyamba. Konzani kudonthako kaye, patutsani madzi ochokera kumtunda, ndipo pamalo otsika boolani timabowo tochepa kuti madzi ogwera mwangozi azitsika. Pakapita miyezi ingapo pulasitiki itayalidwa, matabwa a pansi amauma n'kufota pang'ono, timipata tina n'kuoneka pomwe panalibe. Zimenezo zisakudabwitseni, ndipo ndi chifukwa china chosathamangira kutseka mipata ntchito ya pansi isanathe.

Muli pansi pomwepo, kwezani tochi muone kunsi kwa matabwa. Insulation ya pansi iyenera kufika pa R 1.3 kulikonse m'dziko. Chilembo R chikusonyeza mphamvu yake yoletsa kutentha kudutsa, ndipo nambala ikakula mphamvunso yakula. Iyenera kugunda matabwa a pansi popanda mpata. Ikalendewera, mphepo yozizira imadutsa pamwamba pake ndipo ndalama zanu zapita pachabe. Apa pali chenjezo limene sindingalifupikitse. Mukapeza pepala lonyezimira ngati siliva litakhomedwa kunsi kwa matabwa, musalikhudze magetsi asanazimitsidwe pa swichi yaikulu. Pepala limeneli limadutsa magetsi, ndipo kachitsulo kamodzi kokhomera kakaboola waya, pepala lonse limakhala ndi magetsi. Anthu anafa nalo m'dziko muno, ndipo kuyambira pa 1 July 2016 n'koletsedwa kuliika kapena kulikonza m'nyumba zokhalamo. Ngati lili bwinobwino, lonyezimira, losang'ambika, likhoza kukhala. Ngati lang'ambika kapena lachita dzimbiri ndi fumbi, silisokedwa. Lichotsedwe ndi wodziwa ntchito, paikidwe insulation ina.

M'denga mumafunika R 2.9 kumadera ambiri a North Island, monga Auckland, Hamilton ndi Wellington, ndi R 3.3 ku South Island konse ndi kudera lokwera la pakati pa North Island, kumene kuli Taupō ndi Ruapehu. Ngati insulation inaikidwa 1 July 2016 isanafike, njira yosavuta yodziwira ndi rula: ikhale yokhuthala mamilimita 120 kapena kuposa, youma, yopanda chuku, yosadyedwa ndi makoswe, yopanda malo osiyidwa. Musayeze pakhomo lokwerera lokha, chifukwa pamenepo pamakhala pabwino nthawi zonse. Yezani m'makona, pamwamba pa zipinda zogona, ndi pomwe amagetsi anadutsa n'kukankhira insulation pambali osaibwezera. Jambulani chithunzi rula ili m'kati, nambala ikuoneka. Insulation yakale, makamaka yothira ngati utuchi, imatsika ndi zaka. Yotsikayo simuitaya ngati ili youma. Mumayala bulangete lina pamwamba pake, lopingasa matabwa, kuti litseke ndi matabwa omwe, popeza nawonso amatulutsa kutentha. Yonyowa ichotsedwe, koma pezani kaye pomwe denga likudontha. Poyenda m'denga pondani pa matabwa okha, osati pa siling'i, ndipo m'chilimwe kwerani m'mawa kusanatenthe.

Ogulitsa ena adzakuuzani za R 6.6. Nambala imeneyo ndi ya malamulo omangira nyumba zatsopano, si imene lamulo la nyumba za lendi likufuna. Komabe ngati mwalipira kale anthu kuti akwere m'denga, kuwonjezera kukhuthala sikukweza mtengo kwambiri poyerekeza ndi ntchito ya manja, ndipo ine ndimasankha yoposa muyezo pang'ono kuti ikatsika isagwere pansi pa lamulo.

Mababu olowa m'siling'i ndi amene amasokoneza ntchito ya m'denga. Akale amatentha kwambiri, ndipo insulation iyenera kuwatalikira kuopa moto. Pabalaza pakakhala mababu khumi otere, bulangete lanu lili ndi mabowo khumi, ndipo bowo lililonse likukoka mpweya wofunda ndi nthunzi kupita m'denga. Njira yabwino ndi kuitana wamagetsi awachotse n'kuika a LED olembedwa IC kapena IC-F, amene amaloledwa kuphimbidwa, insulation isanabwere. Wamagetsi yemweyo aonenso mawaya. M'nyumba za zaka za m'ma 1950 kubwerera m'mbuyo mumapezekabe mawaya okutidwa ndi labala yakuda imene imafumbutuka ikagwidwa. Kuphimba mawaya otere ndi insulation n'kuika moyo wa anthu pachiswe. Chumuni ndi paipi ya utsi nazonso zimafuna mpata wake.

Lamulo limakhululukira malo amene katswiri sangafike popanda kuphwasula nyumba kapena kuika moyo wake pangozi, monga denga lopanda mpata pakati pa malata ndi siling'i, kapena pansi pothina kwambiri. Nyumba yokhala pa konkire siifuna insulation ya pansi. Koma kunena kuti "n'kothina" ndi pakamwa sikukwanira. Katswiri alembe kalata yonena malo ake ndi chifukwa chake. Ndipo kusowa kwa khomo lokwerera si chifukwa, popeza kuboola kakhomo ndi ntchito yaing'ono. Tsiku limene mudzasintha malata, mpata udzakhala wapezeka, ndipo insulation ilowe nthawi yomweyo.

Zikatha za pansi ndi za m'denga, bwerani ku nthunzi yopangidwa m'nyumba momwemo. Bafa lililonse lokhala ndi shawa kapena bafa losambiramo, ndi khitchini iliyonse yokhala ndi chophikira, ziyenera kukhala ndi fani yotulutsa mpweya kunja. Fani imene inalipo 1 July 2019 isanafike ikhoza kukhala ngati ikugwira bwino ndipo ikutulutsadi kunja. Yatsopano ili ndi muyezo. Ya kukhitchini ikhale ya mamilimita 150 m'mimba mwake, kuphatikizapo paipi yake, kapena itulutse malita 50 pa sekondi. Ya kubafa ikhale ya mamilimita 120, kapena itulutse malita 25 pa sekondi. Pa makatoni ambiri salemba malita pa sekondi koma makiyubiki mita pa ola, choncho sungani izi m'mutu: malita 25 pa sekondi ndi 90, malita 50 ndi 180. Dziwaninso kuti nambala ya pa katoni anaiyeza fani ilibe paipi. Mukailumikiza ku paipi yofewa ya mamita asanu yokhota kawiri, mphamvu imatsika kwambiri. N'chifukwa chake ine ndimatsata kukula kwa paipi, chifukwa munthu aliyense atha kuyeza ndi rula, ndipo kubafa komwe ndimaika ya 150. Paipi ya 150 ili ndi njira ya mpweya yoposa kawiri ya 100, ndipo siisokosa.

Zolakwa za mafani zimabisika m'denga. Choyamba ndi fani yothera m'denga momwemo, imene imathira nthunzi pa insulation ndi pa matabwa mpaka malata kudontha m'nyengo yozizira. Chachiwiri ndi fani ya 150 yolumikizidwa ku paipi ya 100 ndi kochepetsera, zomwe zimagwetsa muyezo wonse. Chachitatu ndi paipi yofewa yosakokedwa, yolendewera pakati. Nthunzi imazizira m'menemo, madzi n'kusonkhana pamalo otsika mpaka kutseka njira kapena kubwerera kudzadontha pa siling'i. Paipi ikhale yaifupi, yowongoka, yokokedwa, yomangidwa bwino mbali zonse, yopendekera pang'ono kunja, ndipo kumapeto kwake kukhale kotsekera koletsa mphepo kubwerera. Kukhitchini, chipewa cha pamwamba pa chophikira chimene chimangosefa utsi n'kubwezera mpweya m'chipinda sichiwerengedwa, ngakhale chikhale chatsopano. Makina okoka mpweya wa m'denga n'kuukankhira m'nyumba nawonso salowa m'malo mwa fani. Kuti mudziwe ngati fani ikukoka, ikani pepala la kuchimbudzi pakamwa pake liimire lokha, kenako tulukani panja mumve ndi dzanja ngati mpweya ukufika. Kubafa ndimalangiza fani yolumikizidwa ku swichi ya getsi, yopitiriza kuzungulira mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu getsi litazimitsidwa. Lamulo silikufuna zimenezi, koma fani imene munthu ayenera kukumbukira kuyatsa nthawi zambiri siyatsidwa. Chitseko cha bafa chikhale ndi kampata kunsi kuti mpweya wolowa m'malo mwa wotulukawo upeze njira.

Musanaboole khonde la denga kapena siling'i yamatuza kuti paipi idutse, kumbukirani asibesito, ulusi woopsa umene unkasakanizidwa m'zomangira zakale. Nyumba iliyonse yomangidwa chaka cha 2000 chisanafike ikhoza kukhala naye, makamaka m'mabolodi a simenti a pansi pa denga. Kadutswa kapite kukayezedwa kaye. Fumbi lake silichoka m'mapapo.

Za mawindo sizivuta. Pabalaza, podyera, kukhitchini ndi m'chipinda chogona chilichonse mukhale windo kapena chitseko chotsegukira panja, ndipo mbali zotseguka zikwane 5 peresenti ya kukula kwa pansi. Chipinda cha mamita 3 ndi 4 ndi masikweya mita 12, ndiye chikufuna masikweya mita 0.6. Windo liyenera kutha kuima lili lotsegula. Lomatidwa ndi penti, lokhomedwa msomali kapena lothyoka chogwirira silikuwerengedwa. Ikani zogwirira zolola windo kukhala lotsegula pang'ono koma lokiyidwa, chifukwa anthu satsegula mawindo ngati akuopa akuba kapena mwana kugwa.

Mipata yolowetsa mphepo muiyeze ndi ndalama yachitsulo ya madola awiri. M'mphepete mwake mukalowa mu mpata, ndiye kuti mpatawo ndi wa pafupifupi mamilimita atatu kapena kuposa ndipo uyenera kutsekedwa. Ngakhale wocheperapo, ngati dzanja likumva mphepo, utsekeni. Kukalamba kwa nyumba si chodzikhululukira. Sankhani tsiku lamphepo, munyowetse kuseri kwa dzanja, muyende nalo m'mbali mwa mawindo, kunsi kwa zitseko zakunja, m'munsi mwa makoma, pomwe mapaipi alowera pansi pa sinki, pa khomo lokwerera m'denga, ndi pa kakhomo ka mphaka. Pa zitseko ndi mawindo amatabwa, konzani kaye mahinjesi ndi zokokera kuti zitseke mothina. Tepi ya siponji yomata imakhuthala kwambiri pamalo ena, chitseko n'kukana kutseka, anthu n'kuichotsa. Ya labala yopindika ngati V imalola mipata yosiyana kukula ndipo imakhalitsa. Kunsi kwa chitseko khomani burashi kapena labala yosesa. Malo osonkhapo moto otseguka atsekedwe kapena chumuni chake chitsekedwe, pokhapokha wokhalamo atapempha polemba kuti aziwagwiritsa ntchito inu n'kuvomera polemba. Mukatseka chumuni, tsekaninso pamwamba kuti mvula ndi mbalame zisalowe, ndipo kutsogolo kutsekedwe moonekeratu kuti wina asadzasonkhepo moto. Timabowo topumira pansi pa nyumba ndi timabowo totulutsa madzi kunsi kwa mawindo a aluminiyamu musatitseke. Timeneto tinaikidwa dala.

Apa ndiye mwafika pa hita. Lamulo likufuna hita yokhazikika, imodzi kapena zingapo, yotenthetsa mwachindunji pabalaza lalikulu kufika madigiri 18 ndi kusunga kutentha kumeneko ngakhale pa masiku ozizira kwambiri a dera lanu. Nambala ya 18 ndi imenenso bungwe la World Health Organization limalimbikitsa kuti m'nyumba musazizire kuposa apo. Kafukufuku wa Philippa Howden-Chapman ndi anzake a ku University of Otago, amene anafalitsidwa mu 2007 atatsatira mabanja 1,350, anasonyeza kuti kungoika insulation m'nyumba zakale kunachepetsa kubanika pachifuwa ndi masiku ojomba kusukulu ndi kuntchito. Ndikutchula zimenezi chifukwa n'kosavuta kuona malamulowa ngati mtolo wa boma, pomwe amene akutsokomola usiku ndi mwana wa munthu amene amakupatsani lendi mlungu uliwonse.

Kukula kwa hita kumapezeka ndi chowerengera cha pa intaneti cha Tenancy Services, nthambi ya boma yoona za lendi. Chimafunsa dera lanu, nthawi imene nyumba inamangidwa, miyezo ya makoma, pansi, siling'i ndi mawindo, ndi insulation imene ilipo. Yezani ndi tepi, musalote. Apa pali msampha umene umakweza mtengo mwadzidzidzi: pabalaza si malo a mipando okha. Malo aliwonse olumikizana nalo popanda chitseko, monga khitchini yotseguka, kolido kapena masitepe opita m'mwamba, amawerengedwa limodzi. Nthawi zina kubwezera chitseko chimene wina anachichotsa pakati pa balaza ndi kolido kumatsitsa makilowati ofunika mokwanira kuti mugule makina otsika mtengo. Chitani zimenezo musanawerengere, ndipo lipoti lake mulisunge.

Hita isachepere makilowati 1.5 ndipo yamagetsi ikhale ndi chowongolera kutentha. Moto wotseguka ndi hita ya gasi yopanda paipi yotulutsa utsi, monga ya botolo yokoka pamateyala, sizivomerezeka. Ya botoloyo imathira chinyezi ndi mpweya woipa m'chipinda momwemo. Ngati chowerengera chakupatsani makilowati 2.4 kapena kucheperapo, hita yamagetsi yokhomedwa kukhoma ikwanira. Kuposa pamenepo, hita yamagetsi wamba siloledwa kukhala hita yaikulu ya pabalaza chifukwa imadya magetsi ambiri. Mutsala ndi heat pump, mbaula ya nkhuni, mbaula ya tinjere tautuchi, kapena hita ya gasi yokhala ndi paipi ya utsi. Ngati muli ndi hita yovomerezeka imene inaikidwa 1 July 2019 isanafike, yoposa makilowati 2.4, ndipo ikufika pa 80 peresenti ya chofunikacho, ikhoza kukhala mpaka itatha. Ikaperewera kuposa apo, lamulo limalola kuwonjezera hita yamagetsi yosaposa makilowati 2.4, bola zonse pamodzi zikwane nambala. Nambala zofewetsa zimenezi zinabwera ndi kusintha kwa mu May 2022, choncho ngati munawerengera nthawi imeneyo isanafike, werengeraninso musanachotse hita yabwinobwino.

Pogula heat pump yang'anani nambala ya kutenthetsa, osati ya kuziziritsa, chifukwa pa chikwangwani pamalembedwa zonse ziwiri. Ngati nyumba ili kumalo a chisanu monga Christchurch, Dunedin kapena Central Otago, funsani mphamvu yake kunja kukazizira kufika madigiri awiri kapena kutsika, popeza makina ena amafooka nthawi imene akufunika kwambiri. Iikidwe pabalaza penipeni. Yoikidwa mu kolido ndi chiyembekezo choti ifunditse nyumba yonse sikwaniritsa lamulo. Bokosi lakunja likwezedwe pang'ono kuti madzi a chisanu chosungunuka azitsika, lisayang'ane windo la chipinda chogona cha woyandikana naye, ndipo kapaipi kake ka madzi kasathire pansi pa nyumba pomwe mwangoumitsa. Wamagetsi akupatseni satifiketi ya ntchito yake. Mbaula ya nkhuni imafuna chilolezo cha khonsolo, ndipo pa malo osakwana mahekitala awiri iyenera kukhala ya mtundu wovomerezeka wosatulutsa utsi wambiri. Madera ena monga Canterbury ali ndi malamulo okhwima kuposa apo. Thandizo la ndalama la boma lotchedwa Warmer Kiwi Homes ndi la okhala m'nyumba zawozawo, choncho monga landilodi musaliike mu bajeti.

Ntchito yonseyi imayenda bwino nyumba ikakhala yopanda anthu, koma nthawi zambiri mumakhala muli anthu. Muyenera kuwadziwitsa maola 24 musanalowe kudzagwira ntchito yotere, ndipo kulowa ndi pakati pa 8 koloko m'mawa ndi 7 koloko madzulo. Kungodzayendera nyumba kumafuna maola 48. Afunseni iwo kaye chipinda chimene chimazizira kwambiri, pomwe chuku chimabwerera akapukuta, ndi windo limene limalira mphepo ikawomba. Akudziwa nyumbayo kuposa woyeza wobwera ola limodzi. Ntchito ikatha, khalani nawo pansi muwasonyeze limoti. Anthu ambiri amaika madigiri 28, kuzimitsa pakatentha, bilu n'kukwera, kenako kuleka kuyatsa. Auzeni aziika pakati pa 18 ndi 21 pa chizindikiro cha dzuwa, ndi kutsuka zosefera zake miyezi ingapo iliyonse. Ndalama zokonzera ndi zanu, simungawalipiritse. Lendi imakwezedwa kamodzi pa miyezi 12, ndi chidziwitso cholemba cha masiku 60.

Mapepala ndi amene adzakuimirireni pa bwalo la Tenancy Tribunal. Pangano lililonse latsopano kapena lokonzedwanso liyenera kukhala ndi chikalata chosainidwa chonena mmene nyumba ilili pa mfundo zisanu zija: makilowati ofunika ndi amene alipo, R kapena kukhuthala kwa insulation ndi tsiku limene inaikidwa kapena kuonedwa, kukula kwa mafani, ndi chikhululukiro chilichonse chimene mukudalira. Wokhalamo akapempha umboni, muli ndi masiku 21 oti mumupatse. Kulephera kufika pa malamulowa kungakudyereni chindapusa chofika madola 7,200, ndipo ntchitoyo mudzaigwirabe. Sungani foda imodzi pa nyumba iliyonse: lipoti la chowerengera, malisiti, zikwangwani za pa mapaketi a insulation, makatoni kapena mabuku a mafani, masatifiketi a wamagetsi, makalata a akatswiri, ndi zithunzi zokhala ndi deti za pansi ndi za m'denga. Makampani oyeza nyumba alipo ambiri ndipo ena amagwira bwino, koma palibe chiphaso cha boma chimene woyeza ayenera kukhala nacho, ndipo akalakwitsa woyankha mlandu ndinu. Funsani ngati akweradi m'denga ndi kukwawa pansi, ndipo lipoti lopanda zithunzi za malo amenewo musalilandire. Samalaninso ndi woyeza amene ndi yemweyonso akugulitsa heat pump ndi insulation. Nambala zake zibwerezeni nokha pa chowerengera.

Poti makwerero ali pomwepo, onaninso mabelu ochenjeza za utsi, ngakhale ali pansi pa lamulo lina la 2016. Pakhale limodzi pasanathe mamita atatu kuchokera pa chitseko cha chipinda chogona chilichonse kapena m'chipinda momwemo, ndi limodzi pa nsanjika iliyonse. Atsopano akhale a mtundu wa photoelectric, a batire lokhala zaka zisanu ndi zitatu kapena olumikizidwa ku magetsi. Deti lotha ntchito limalembedwa kuseri kwake.

Nyumba ikafika pa muyezo iyenera kukhalabe pa muyezo nthawi yonse ya lendi. Masamba akamaliza kugwa mu May, chotsani zinyalala m'ngalande za denga, yesani mafani ndi pepala la kuchimbudzi lija, ndipo heat pump ionedwe. Pulambala kapena wamagetsi aliyense akagwira ntchito pansi kapena m'denga, lowanimo pambuyo pake ndi tochi ndi tepi. Pulasitiki yong'ambika imatidwe, insulation yokankhidwa ibwezeredwe, ndipo paipi ya fani imene yagundidwa n'kuchoka pakamwa pake imangidwenso tsiku lomwelo, chithunzi chatsopano chilowe mu foda.